MOSCOW: KUMENE DOTOLO ANAPHUNZIRA KU MABALUNI

Mlendo akafika mu mzinda wa Moscow, likulu la dziko la Russia, eni mudzi sacedwa kumperekeza ku bwalo lalikulu lochedwa Red Square. Bwaloli ndi loyalidwa miyala. Mbali ina kuli linga la njerwa zofiira la Kremlin, mbali ina sitolo yaikulu ya GUM, ndipo kumapeto kwake kwaima chalichi ca St Basil, ca madenga obulungira ngati anyezi.

Pa bwalo lomweli, pa 1 May 1959, tsiku la anchito limene ifenso timakumbukira, panaima dotolo wacinyamata, Fedor Serbinenko, akupenyerera mabaluni ouluka atamangidwa ku zingwe. Iye anadzifunsa kuti: kodi kabaluni kakang'ono, komangidwa ku kapaipi koonda, sikangatengedwe ndi magazi mpaka kukafika mu ubongo?

Awerengi athu eni njinga adziwa mmene cubu cimatupira pamalo pamene capyapyala. Mtsempha wa mu ubongo umateronso, ndipo madotolo amacha cotupaco aneurysm. Cikaphulika, munthu amamva mutu woopsa mwadzidzidzi, umene sanaumvepo cibadwire. Khosi limauma, amasanza, ena amakomoka. Wotere ngwofunika kuthamanga naye ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti cotupaco cikhoza kuphulikanso. Fodya ndi kuthamanga kwa magazi ndizo zimakulitsa ngoziyi.

Kucoka pa Red Square, mseu waukulu wa Tverskaya umalunjika ca kumpoto. Woyenda pansi satha ola asanafike ku cipatala ca Burdenko, cimene cinakhazikitsidwa mu 1932 kaamba ka matenda a ubongo. Kumeneko ndiko Serbinenko anathera zaka zambiri akupanga ndi kuyesa timabaluni ta mphira, kufikira analengeza nchito yace ku dziko lonse mu 1974. Kale lonse dotolo anayenera kutsegula cibade ndi kupana khosi la cotupa ndi kacitsulo. Tsopano panaoneka njira yolowera mkati mwa mtsempha weniweniwo.

Komabe baluni inali ndi zobvuta zace: inali kuphwa nthawi zina, ndiponso sinagwirizane ndi maumbidwe a cotupa ciri conse. Mu 1990, ku Los Angeles, dotolo wa ku Italy, Guido Guglielmi, anayamba kugwiritsa nchito tiwaya tofewa ta platinamu. Kapaipi kamalowetsedwa pa mtsempha wa mphecepece kapena wa pa dzanja, dotolo nakatsogolera akuyang'ana cithunzi ca X-ray. Kakafika, tiwayato timapindana mkati mwa cotupa ngati cisa ca mbalame, magazi naundana pamenepo, cotupa nicitsekeka. Cilonda cotsala ncacing'ono zedi.

Si cotupa ciri conse cimene cilola njirayi. Zina zifunabe mpeni. Koma mu 2002 madotolo otsogozedwa ndi a ku Oxford anaulutsa zimene anapeza pa odwala 2,143 a zotupa zophulika. Patapita caka, mwa 100 ali onse otsegulidwa mutu, pafupifupi 31 anali atamwalira kapena osatha kudzisamalira. Mwa oikidwa tiwaya anali 24. Caka comweco Serbinenko anamwalira, ndipo cipatala ca Burdenko cikali kulandira odwala mu mseu wace wa 4th Tverskaya-Yamskaya.