Za Digiri Yopezedwa Msanga

M'masika apitawa, titangotha kukolola, anatifikira mphwathu, mwana wa mlongo wathu, amene aphunzitsa pa sukulu ya pulaimale kutsidya kwa mtsinje. Atalonjera nakhala pansi, anatulutsa foni yake natisonyeza uthenga umene adaulandira. Uthengawo unati kuli sukulu yaikulu kunja kwa dziko lino, imene ipatsa munthu digiri pa miyezi isanu ndi umodzi, wosalemba mayeso, malinga atumize ndalama ndi kufotokoza ntchito imene waigwira. Ndipo anati, "Atsibweni, ndadza kudzapempha nzeru, koma mtima wanga watsimikiza kale. Tigulitse ng'ombe ziwiri zija adasiya agogo, kuti inenso ndiwerengedwe pakati pa ophunzira."

Tiulule poyera kuti mawu amenewa anatilasa mtima, pakuti njala ili mwa iyeyo ilinso mwa ife. Tidatuluka ku sukulu ya aphunzitsi ndi setifiketi yathu, ndipo tagwira choko zaka zoposa 20. Taona ana amene tidawaphunzitsa kugwira pensulo alikubwera ndi madigiri, nakhala akulu athu pa ntchito. Sitiwachitira njiru, koma tidzanama tikati sitinasirire. Chifukwa chake sitinamdzudzule mnyamatayo. Tinamuuza agone kwathu, kuti nkhani ya ng'ombe isakambidwe ndi mitima yotentha. Zimene tinamuuza m'mawa mwake tizilemba pano, podziwa kuti m'midzi yambiri muli ana olandira mauthenga otere, ndi makolo osowa chowayankha.

Choyamba tinavomereza kuti kufuna digiri msanga ndi pa mtengo wochepa si kulakwa. Digiri yoyamba m'dziko lathu imatenga zaka zinayi, ndipo munthu wa banja akaleka ntchito zaka zonsezo, ana ake adzadya chiyani? Njira zochepetsa vuto limeneli zilipo, ndipo si za lero ayi. M'chaka cha 1858 yunivesite ya London inalola anthu kulemba mayeso ake ndi kulandira digiri osakakhala m'makalasi ake, kotero kuti akalaliki ndi aphunzitsi a m'maiko akutali anaphunzira ali kwawo. Mu 1946 yunivesite ya South Africa, imene itchedwa UNISA, inayamba kuphunzitsa ndi makalata a papositi. Kuno kwathu yunivesite ya Mzuzu, imene inatsegulidwa mu 1999, ili ndi maphunziro a patali: wophunzira apita kusukulu masabata owerengeka kukaonana ndi aphunzitsi, nabwerera kwawo ndi mabuku, nawerenga alikugwira ntchito yake. Ku America kuli yunivesite ya Western Governors, yokhazikitsidwa mu 1997, kumene munthu alipira mtengo umodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, natsiriza maphunziro ochuluka monga angathe. Wodziwa kale kanthu aonetsa chidziwitso chake pa mayeso napitirira, wosadikira anzake.

Koma taonani, abale, chinthu chimodzi chili mu njira zonsezi: mayeso sanachotsedwe. Chimene chachepa ndi ndalama za chigono ndi chakudya cha kusukulu, ndi masiku okhala pa benchi kumva zimene munthu azidziwa kale. Chidziwitso chenichenicho chifunidwa chonse. Mkazi wochokera kumunda akadzera njira yachidule afika msanga pakhomo, koma dengu lili pamutu pake silipepuka. Tsono sukulu imene inena kuti palibe mayeso siifupikitsa ulendo, koma iuza munthu atule dengu panjira nafike kumudzi chimanjamanja.

Chachiwiri tinamuuza kuti kufulumira ndi kutsika mtengo siziyenda pamodzi masiku onse. Nelson Mandela anatsiriza digiri yake yoyamba mwa makalata, masana alikugwira ukalaliki mu ofesi ya maloya ku Johannesburg, nailandira mu 1943. Chaka chomwecho anayamba maphunziro a malamulo, koma digiri ya malamuloyo anailandira mu 1989, ku UNISA, akali m'ndende. Zinapita zaka 46. Wophunzira alikugwira ntchito asunga malipiro ake, koma alipira ndi tulo ndi masiku. Wofuna kutsiriza msanga ayenera kukhala ndi nthawi yopanda ntchito, kapena akhale atadziwa kale zambiri. Munthu asankhe chimene angathe kupereka, pakuti chaulere palibe.

Pamenepo mphwathu anafunsa nati, "Nanga ine, wa malipiro ochepa, ndichite chiyani?" Tinamuwerengera zinthu zitatu zimene taziona zikuthandiza anzathu a pa ntchito. China ndi kukwera pang'onopang'ono monga pa makwerero: wa setifiketi ayambe dipuloma, pakuti m'masukulu ambiri wa dipuloma sayambira pansi pofuna digiri, ndipo kawirikawiri atsala ndi zaka ziwiri, komanso ndalama zikatha pakati pa ulendo, ali nacho kale chogwira m'manja. China ndi kufunsa asanalipire kanthu, ngati sukuluyo idzawerengera maphunziro amene adachita kale, ndipo yankho alilandire lolembedwa. Chachitatu, chimene ambiri achipeputsa, ndi kusalephera. Chaka chobwereza ndicho chodula koposa, pakuti munthu alipira kawiri phunziro limodzi. Wotenga maphunziro ochepa nawakhoza onse afika msanga kuposa wosenza ambiri nagwa nawo. Akulu adati kuthamanga sikufika. Ndipo powerenga mtengo asawerenge fizi yokha, koma aikepo ulendo wa kumayeso, chigono cha masabata aja, ndi ndalama za intaneti, kuopa kudzidzimuka pakati pa chaka.

Potsiriza tinabwerera ku uthenga uja. Dziko lathu lili ndi bungwe loyang'anira masukulu aakulu, lotchedwa National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Bungweli lilembetsa masukulu, liyesa maphunziro awo, nililengeza mayina a ovomerezeka. Liyesanso mapepala ochokera kunja. Tinamuuza mnyamatayo kuti asanatumize ndi tambala yomwe, afunse kumeneko. Tinampatsanso mafunso ena oyesera nawo sukulu: Kodi yakufunsa za mayeso ako a Fomu 4? Kodi aphunzitsi ake adziwika mayina? Kodi m'dziko lake lomwe ivomerezeka ndi yani? Iye analemba mafunsowo nawatumiza kwa eni uthenga. Yankho linabwera tsiku lomwelo, koma losakhudza funso ndi limodzi lomwe; linangoti mtengo watsitsidwa, ndipo afulumire pasanathe masiku atatu. Atawerenga anaseka yekha mwamanyazi, nati, "Atsibweni, uku n'kuitanira malonda pamsika."

Tinamkumbutsanso kuti pepala logula likadutsa pa maso a olemba ntchito, silidzadutsa pa maso a ana. Mphunzitsi aima tsiku ndi tsiku pamaso pa kalasi, ndipo mwana akafunsa chimene iye sadziwa, pepala lopachika pakhoma silidzamuyankhira. Ndipo chinyengocho chikaululika, munthu ataya ntchito, ng'ombe, ndi dzina lomwe, ndipo dzinalo ndi la banja lonse.

Ng'ombe zija zikali m'khola, ndipo imodzi ili ndi bere. Mphwathu walembetsa dipuloma ya patali, napatula gawo la malipiro ake mwezi ndi mwezi. Ikadzabala ng'ombeyo, banja lagwirizana kuti thole lidzathandize pa fizi ya chaka chachiwiri. Loweruka lililonse awoloka mtsinje ndi mabuku ake, nakhala pa tebulo lathu, pakuti kwathu kuli nyali ya sola ndipo kulibe phokoso la ana aang'ono. Ife tikhala pambali kuchonga makope a kusukulu, koma tiulule kuti masabata ano maso athu apita kawirikawiri pa mabuku akewo. Dzulo anatipeza tilikuwerenga mutu umene iye sanaufike, ndipo anati, "Atsibweni, mafomu a chaka chamawa nditenge awiri kodi?" Tinamuyankha kuti atenge.