Njoka Yamapiko pa Mtsinje wa Shire

Tinanyamuka pa Mangochi titangoswali Subuhi, banja lonse m'boti limodzi, ulendo wokaona abale ku Malombe. Amene munayendapo njira imeneyi mukudziwa kuti Shire akatuluka m'nyanja ya Malawi amayenda mwakachetechete pakati pa mabango mpaka kukathira m'nyanja ya Malombe.

Tisanapite patali, mwana wathu wamng'ono anakuwa: "Ababa, njoka!" Zoonadi, khosi lalitali lowonda linali kuyenda pamwamba pa madzi, thupi osaoneka. Mkulu wake anali atasolola kale legeni, koma agogo awo anamgwira mkono nati, "Taima iwe, yamba waona."

Chinthu chija chinamira. Patapita kanthawi chinavuuka chitabaya kansomba ndi mlomo, chinakaponya m'mwamba, n'kukameza kuyambira kumutu. Apo tonse tinadziwa kuti ndi mbalame. Koma mbalame yanji?

Mwini boti anati ndi mphipi basi. Ife tinakayika, pakuti mphipi timazidziwa bwino: n'zimene zinayeretsa miyala ya pachilumba cha Boadzulu ndi zitosi. Mwamwayi mbalame ija inakwera pa chitsa n'kutambasula mapiko, ndipo tinaiona bwinobwino. Mlomo wake unali wowongoka ndi wosongoka ngati mkondo, pamene wa mphipi ndi wopindika kunsonga, wogwirira nsomba. Khosi linali lofiirira, lokhota pakati, ndi mzere woyera m'mbali mwake. Mchira unali wautali. Ndiponso mphipi ikamasambira msana umaonekako, koma iyi inkamiza thupi lonse.

Titafika, mlamu wathu amene ndi mphunzitsi anatulutsa buku la mbalame, ndipo tinaipeza. Pa Chingerezi amaitcha African darter. Ndi mbale wake wa mphipi, ndipo kutalika kwake kumafika masentimita 80. Nthenga zake zimalowa madzi mosavuta, n'chifukwa chake imamira popanda phokoso ndi kuzembera nsomba pansi. Ikatuluka iyenera kuyanika mapiko padzuwa monga tinaionera.

Chinatikhudza n'chakuti m'mphepete mwa mlomo wake muli timano ting'onoting'ono tothandiza kuti nsomba isapulumuke. Timano timeneti tikakola ulusi wa ukonde wong'ambika, mbalame imalephera kuuchotsa, ndipo imafa ndi njala kapena kumira. Mwini boti anavomera kuti anapezapo zotere m'maukonde otayidwa, koma anawonjeza kuti mbalamezi zimatha nsomba.

Agogo sanachedwe kuyankha. "Achimwene, pamene chambo chinali mbwee m'Malombe muno, mbalamezi kunalibe kodi?" Ndipo ananena zoona. Chambo cha m'Malombe chinachepa kwambiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa makoka a maso ang'onoang'ono okolola ndi ana omwe. Mbalame imameza zokwanira mimba yake, n'kukakhala pa chitsa.

Inu makolo a m'mbali mwa nyanja, mukaona khosi lotere likudutsa m'madzi, auzeni ana ayang'ane zinthu zitatu: mlomo, khosi ndi mchira. Mwana amene wadziwa dzina la chinthu sathamangira kuchigenda.

Pobwerera madzulo tinadzera pa chitsa chomwe chija. Mbalame inalibe, koma pa bango lapafupi panakodwa chidutswa cha ukonde. Mnyamata wa legeni uja anapempha kuti boti liime, anachikoka, n'kuchiika pansi pa mpando wake mpaka pa Mangochi.