Za Mabwato Athu ku Kaporo

Ife amene tinabadwira m'mbali mwa nyanja kuno ku Kaporo, m'dziko la Ankhonde, sitinayese bwato cinthu coti munthu angacilembe m'kalata. Linali monga khasu: likatha, asema lina. Koma tsono linalo adzasema ndi mtengo uti?

Makolo athu anali kukwera kumapiri kukafuna mbawa waukuru, woti amuna awiri sangauzinge ndi manja. Ataugwetsa, mmisiri anakhala masabata ambiri ali kuufukula ndi nkhwangwa ndi nsompho, namagogoda m'mbali kuti khutu limuuze pamene patsala pocindikala. Pomariza mudzi wonse unakoka bwatolo kunka nalo kumadzi, ndi nyimbo ndi mowa. Lero mitengo yotere yasowa. Asodzi a usipa asemera mitengo ya mango, imene ibvunda msanga, naphimba ming'alu ndi malata ndi phula. Amene ali ndi ndalama agula boti la matabwa ndi injini. Sitiwadzudzula ai, pakuti mwera sasewera ndi munthu, ndipo ana afuna ndiwo.

Tinamva za anthu a ku Holland, amene asodzi ao anali ndi ngalawa za matanga zaphanthiphanthi pansi, zoyenera madzi osaya a nyanja yao ya Zuiderzee. M'caka ca 1932 boma linatseka nyanjayo ndi cikhoma cacitali makilomita 32. Madzi amcere anasanduka ozizira, nsomba zozolowereka zinatha, ndipo ngalawa zambiri zinaolera padooko. Koma ena anacita cisoni, nazikonza. Zina anaziika m'nyumba yosungira zakale ku Enkhuizen. Zina, monga za ku Spakenburg, ziyendabe pamadzi kufikira lero, ndipo cifukwa ziyenda, amisiri odziwa kuzikonza sanathe. Apa ndipo patigwira mtima.

Nafenso tidziwa kusunga. Ku Karonga, m'nyumba imene inatsegulidwa mu 2004, aikamo cifanizo ca mafupa a Malawisaurus, cirombo cimene palibe kholo lathu linaciona. Tikondwera nazo. Komatu mafupa adikira m'nthaka zaka zosawerengeka, pamene nzeru ya kusema ikhala m'manja mwa munthu mmodzi, amene mawa adzaikidwa.

Pamudzi pathu watsala mkuru mmodzi wodziwa nchitoyi, ndipo maso ace ayamba kucita khungu. Tinapita kwa iye mwezi wathawu kukapempha kuti aphunzitse anyamata athu. Anaseka, natifunsa ngati tabwera ndi mtengo.