Kabokosi ka bwana pa damu la Darwendale

Ife obwera ndi bungwe la Mthandizi tinadzera fodya, osati nsomba. Koma bwana wa pulazi yathu ku Trelawney atamva kuti ndinakulira kunyanja ku Nkhotakota, Loweruka ankandichotsa kumunda kuti ndikamugwirire boti pa damu la Darwendale, lija anatseka mtsinje wa Hunyani mu 1976. Ana a lero amati Manyame.

M'botimo munali kabokosi, waya wake wotsikira ku kachipangizo komira kumbuyo. Kameneko kamaponya kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu, n'kudikira kuti kabwerere. M'madzi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndiye bokosilo limangowerenga nthawi, kuya n'kudziwika. Pamwala chizindikiro chinkabwera chokhuthala, pamatope chofooka. Nsomba imaululidwa ndi kathumba ka mpweya kam'mimba, kaja timataya potumbula, chifukwa ndi kamene kamabweza phokoso kwambiri. Paja bass, nsomba tinkafunayo, amakonda kubisala, choncho tinkasaka mitengo yomira ndi khwawa lakale la mtsinje. Mbedza tinkazisiya m'nthambimo zambirimbiri, bwana akutukwana m'Chilapalapa.

Kupeza malo n'kwina, kubwererapo n'kwinanso. Apa mpamene ndinkadyera. Ndinkalunjikitsa bulugamu wamtali ndi nsonga ya phiri, mbali inayi chulu ndi denga la kanyumba ka pampu. Pokumana mizere iwiriyo, ponyani nangula! Kukagwa nkhungu ya mu June, basi, tonse akhungu.

GPS inandipeza ndi imvi kale. Masetilaiti ali kumwamba makilomita oposa 20,000, iliyonse ikulengeza nthawi ndi pomwe ili, ndipo kachipangizo ka GPS kakamva anayi kamadziwa pomwe waima. Poyamba kankaphonya ngakhale mamita 100, poti asilikali a ku America ankasokoneza dala, moti maso anga ankapambanabe. Anasiya kusokonezako mu May 2000, mapulazi atayamba kale kulandidwa. Bwana anakoka boti lake n'kupita, ife a m'komboni tinabalalika.

Mdzukulu wanga ali ku Kariba, amapha kapenta, nsomba ija anaitenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967. Amaiitana ndi nyali usiku monga timachitira ndi usipa kwathu, koma asanatsitse ukonde amayamba wayang'ana pasikirini. Akuti maboti anachuluka, kapenta anachepa, ndipo mafuta ambiri amathera kusakasaka.