Mlendo Adadza ndi Kalumo Kakuthwa

Amayi anzanga, nkhani imene ndikukambirani lero ndidaibisa zaka 14, ngakhale kwa bambo a kunyumba amene ndimafunda nawo chofunda chimodzi. Ine ndili ndi ndevu.

Zidayamba mu 2005, nditangokwatiwa kumene kwathu ku Nkhotakota. Poyamba tidali titsitsi titatu pansi pa chibwano, ndipo ndinkangotizula ndi zala. Pomatha zaka ziwiri tidachuluka mpaka kukwera m'masaya. Nonse mukudziwa zimene zimanenedwa pa chitsime za mkazi wandevu. Ena amati ndi mfiti, ena amati ndi wankhanza wolamulira mwamuna wake. Popeza mphatso ya mwana idachedwa pa banja pathu, tsiku lina apongozi anga adandiyang'anitsitsa nati, "Kodi mayi, m'nyumbamo muli amuna angati?" Ndidaseka nawo, koma usiku umenewo ndidakalira kuseri kwa nkhokwe.

Kuyambira pamenepo ndinkadzuka tambala woyamba, kutenga lumo la bambo mwakachetechete, ndi kukameta kubafa kusanayere. Ndikati ndizule, tsitsi lathu lopotanali linkamerera m'kati mwa khungu, nkutulutsa tiziphuphu tosiya zipsera zakuda. Pofuna kufafaniza zipserazo ndidagula mafuta oyeretsa khungu pa msika, osadziwa kuti ambiri mwa mafuta otere ali ndi mankhwala a mtundu wa steroid, amene amafooketsa khungu ndipo amatha kuwonjezera cheya kumaso.

Mu 2017 ndidapita ku Leeds, m'dziko la Britain, kukagwira ntchito yosamalira okalamba, bambo ndi mwana wathu mmodzi yekhayo atatsala kumudzi. Chaka chotsatira tiziphuphu tija tidatukusira, ndipo ndidapita kukaonana ndi dokotala. Pa benchi yodikirira ndidakhala pafupi ndi munthu wamtali, wovala diresi lobiriwira, wa mawu aakulu. Ataona kuti dzanja langa silikuchoka pachibwano, adandifunsa motsitsa mawu, "Kodi nanunso vuto ndi ndevu?"

Ndisanayankhe, adayamba kufotokoza za iwo eni. Adati adabadwa ndi thupi lachimuna, koma kuyambira ubwana mumtima mwawo ankadzidziwa kuti ndi mkazi, ndipo atakula adayamba ulendo wosintha thupi mothandizidwa ndi madokotala. Ndisakunamizeni, amayi, ndidasendera kumapeto kwa benchi. Zotere ndidali ndisanakumanepo nazo maso ndi maso. Iwo adaona, koma sadakwiye. Adapitiriza kunena kuti mahomoni achikazi amene ankalandira adafewetsa khungu lawo ndi kuchepetsa cheya cha pachifuwa ndi m'mikono, koma ndevu zikakhwima sizigonja ndi mahomoni okha. Adati ankameta kawiri pa tsiku mpaka khungu kutuluka magazi, ndipo m'basi ankakhala chozolika kuti anthu asawayang'ane pachibwano.

Pamenepo mtima wanga udagunda, pakuti zimene ankanenazo ndi zimene ine ndinkachita m'minibasi ndi m'misonkhano ya amayi. Ndidapezeka kuti ndasendereranso pafupi. Adang'amba kapepala nalembapo liwu limodzi, eflornithine, nati, "Mukawafunse adokotala za mafuta awa. Ndiponso muwapemphe akuyezeni magazi. Mkazi sakhala ndi ndevu popanda chifukwa." Dzina lawo sindidafunse, ndipo sitidaonanenso. Akuluakulu adanena zoona kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Dokotala adandiyeza magazi ndi kundiunika m'mimba, napeza kuti ndili ndi vuto lotchedwa PCOS, limene limapezeka mwa mayi pafupifupi mmodzi pa amayi 10 alionse. Mkazi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono m'thupi mwake, koma pa vutoli amachulukirapo. Zotsatira zake ndi ndevu, ziphuphu, kusamba modumphadumpha ndi kuchedwa kutenga pathupi. Tsono ndevu zanga ndi kuchedwa kwa mwana kudali ndi muzu umodzi. Mfiti padalibe.

Mafuta aja adandilembera, nandichenjeza kuti sachotsa tsitsi. Ntchito yake ndi kufooketsa mphamvu imene imakulitsa tsitsi pa muzu pake, kotero kuti limamera pang'onopang'ono ndiponso lofewa. Kumeta sikulekeka, kumangochepa. Amapakidwa mopyapyala kawiri pa tsiku, motalikitsa maola 8 kapena kuposerapo, ndipo pamalopo sipasambidwa kwa maola 4. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu ngati 8. Ngati patha miyezi 4 popanda phindu, ndi bwino kuleka. Ena amamva kuwotcha kapena kutuluka tiziphuphu, ndipo mayi wapakati kapena woyamwitsa salangizidwa kupaka. Ine pa mwezi wachitatu ndidayamba kumeta kawiri kokha pa mlungu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidajambulitsa chithunzi dzanja lili pa miyendo.

Pambuyo pake ndidamva mbiri ya mankhwalawa, ndipo idandikhudza monga mwana wa ku Nkhotakota, kumene timadziwa bwino kashembe ndi matenda a kaodzera. Mu 1990 eflornithine adavomerezedwa kukhala mankhwala a kaodzera wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo ankadzutsa odwala amene adali atakomoka kale. Koma mu 1995 opanga adaleka kuwapanga, chifukwa odwalawo adali amphawi osatha kugula. Mu 2000 mankhwala omwewo adatulukira ku America ngati mafuta a ndevu za amayi, dzina lake Vaniqa, ndipo anthu atadandaula, mu 2001 padachitika pangano ndi bungwe la WHO kuti a kaodzera apangidwenso. Kaodzera wa kwathu kuno ndi wa mtundu wina, wosamva bwino mankhwala amenewa. Komabe popaka pachibwano ndinkakumbukira kuti ena adamwalira powasowa.

Ndidabwerera kumudzi mu 2019. Mafuta atatha, ndevu zidabwerera mwakale pasanathe miyezi iwiri, monga momwe dokotala adaneneratu. Pamenepo ndidayenera kusankha: kuyambanso kudzuka tambala woyamba, kapena kuulula. Ndidakumbukira mlendo uja, amene adauza munthu wosamudziwa chinsinsi cholemera kuposa changa. Madzulo ena titatha kudya ndidati, "Bambo, pali chinthu chimene ndakhala ndikukubisirani." Adamvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adaseka pang'ono nati, "Mayi, mukuganiza kuti sindinkadabwa kuti lumo langa likubuntha msanga chonchi? Ndidadziwa kalekale, koma ndinkaopa kukuchititsani manyazi." Zaka 14 tidakhala tikubisirana chinthu chimene tonse awiri tinkachidziwa. M'mawa mwake adabwera ndi malumo awiri kuchokera ku golosale, limodzi lawo, limodzi langa.

Tsono amayi anzanga, ngati muli ndi vuto ngati langa, imvani izi. Kumeta sikuchulukitsa ndevu. Tsitsi lodulidwa limangomveka lolimba chifukwa nsonga yake ndi yobuntha. Aliyense akhale ndi lumo lakelake, pakuti kubwerekana malumo kumatha kupatsirana matenda a m'magazi, ndipo apa ine ndinkalakwitsa. Mafuta oyeretsa khungu atayeni. Titsitsi tochepa tomera mayi akasiya kusamba si tachilendo. Koma ngati ndevu zabwera mwadzidzidzi ndi kuchuluka m'miyezi yochepa, mawu nkuyamba kukula, thamangirani kuchipatala, chifukwa nthawi zina chimayambitsa ndi chotupa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mwana wathu wamkazi tsopano ndi namwali. Mwezi wathawu ndidamupeza pa galasi akusisita chibwano, ndipo atandiona adabisa dzanja kumbuyo. Ndidamukhazika pansi, ndidagwira dzanja lakelo nkuliika pachibwano changa, ndi kumuuza kuti Lolemba tipitira limodzi kuchipatala.