Injini mwaipeza, nanga mudzaima ndi chiyani?



Loweruka lapitali ndinapita ndi njinga yanga kwa mmisiri amene amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika kuno ku Zomba. Ambiri a inu mukuidziwa njingayo, Humber yakuda ija imene yandifikitsa ku milaga, ku maliro ndi kwa odwala kwa zaka zambiri. Tcheni chinkangochoka pamtunda uliwonse. Anandiperekeza ndi mdzukulu wanga wamkulu, amene analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akadali pakhomo. Kwa miyezi iwiri wakhala akundiumiriza kuti ndimubwereke ndalama agule kainjini koti amangirire pa njinga yomweyi, ayambe kabaza.

Tinapezapo anyamata atatu ali ndi njinga za matayala akuluakulu, matope ali mbuu, atangotsika kumene kuphiri. Ndinakhala pa benchi n'kumamvetsera macheza awo.

Woyamba ankatamanda njinga yake yokwerera mapiri: magiya ambiri, masipuling'i kutsogolo omeza mabampu, ndi mabuleki ogwira pa kambale kachitsulo kamene kali pakati pa gudumu. Wachiwiri anati zonsezo n'zachikale, masiku ano kuli njinga za batire. Mkulu wake ali ku Britain, ndipo anamufotokozera kuti kumeneko lamulo limalola mota wosapitirira mawati 250, wothandiza munthu pamene akupalasa, ndipo thandizolo limaleka liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Ikapyola malire amenewa, boma limaiwerengera ngati njinga yamoto. Anaseka n'kunena kuti alipo ena amene amaseweretsa mawaya kuti achotse malirewo. Wachitatu, manja ali bii ndi oyilo, anati iye za batire alibe nazo ntchito. Chake n'kainjini kosakaniza petulo ndi oyilo: ukatsuka pulagi, n'kukonza bwino kabuleta, kamalira ngati njuchi ndipo phiri limasanduka chigwa.

Maso a mdzukulu wanga anali pa wachitatuyo. Anandikodola n'kunong'ona kuti, “Agogo, mwamva?”

Mmisiriyo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anali chete nthawi yonseyi. Atabwezeretsa tcheni, anafinya buleki ya njinga yanga n'kukankha, ndipo gudumu linapitirira kuzungulira. Anatulutsa timphira ta mabuleki, titatha mpaka pachitsulo, n'kutiika m'manja mwa mnyamatayo. Anamufunsa kuti, “Iwe mwana wanga, injini ukuifunayo ikakuthamangitsa pamtsetse uli ndi mayi woyembekezera pakaliyala, udzaima ndi chiyani?”

Palibe anaseka. Mnyamata woyamba uja anavomereza, natiuza nkhani imene sindinaimvepo. Masewera okwera njinga m'mapiri anakula m'zaka za m'ma 1970 ku Marin County, ku California. Achinyamata kumeneko ankatenga njinga zakale zolemera n'kumapikisana kutsetsereka phiri lina pafupi ndi tauni ya Fairfax. Mpikisanowo, umene unayamba mu 1976, anautcha Repack, kutanthauza kupakiranso. Buleki ya njinga zimenezo inali mkati mwa habu ya kumbuyo, ndipo inkatentha kwambiri moti girisi ankapsa n'kutuluka utsi. Akafika pansi ankayenera kumasula habu n'kupakiramo girisi wina. Liwiro analipeza mosavuta, pakuti phiri limapereka liwiro kwaulere. Chimene chinawavuta chinali kuima.

Anatiphunzitsanso masamu amene ndikufuna muwasunge. Liwiro likawirikiza kawiri, ntchito ya mabuleki imawirikiza kanayi. Njinga imene ikuthamanga makilomita 40 pa ola imafuna mtunda wotalika pafupifupi kanayi kuti iime poyerekeza ndi imene ikuthamanga 20. Humber yanga anaipanga poganizira miyendo ya munthu. Masipoko ake, felemu yake ndi timphira take sizidziwa za injini. Inu a kuno mumawaona abambo otsika ndi nkhuni pamsewu wa ku Ku Chawe, momwe amalimbanirana ndi njinga kuti isawathawe. Katundu akachuluka, kutsika kumaopsa kuposa kukwera.

Tsono ndikuuzeni chifukwa chimene ndalembera zonsezi, popeza funso la mmisiri lija linalasa ine kuposa mdzukulu wanga.

Achibale mukudziwa zimene zinachitika pa gulu lathu la WhatsApp mwezi watha, pa nkhani ya zopereka za pamaliro a malume athu. Ndinaona kuti achemwali anga sanatumize gawo lawo. Sindinawaimbire. Sindinafunse. Usiku womwewo ndinalemba mawu olasa pamaso pa ana ndi adzukulu, ndipo ndinawakometsera ndi vesi kuti aoneke oyera. Patapita masiku awiri ndinamva kuti ndalama yawo inathera kuchipatala, kumene ankadwazika mwana wawo mwakachetechete posafuna kutiwonjezera chisoni. Uthengawo ndinaufufuta, koma anthu onse anali atauwerenga kale.

Kale munthu akakwiya ankayenera kufuna pepala ndi cholembera, kugula sitampa, n'kuyenda ulendo wa ku positi ofesi. Pofika kumeneko mtima unkakhala utazizira, ndipo makalata ambiri ankabwerera m'thumba. Lero foni yandimangirira injini. Mawu anga amafika ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku Leeds ndisanameze malovu, pamene mabuleki a mtima wanga ndi akale omwe aja, otha mpaka pachitsulo. Ine mkulu wa mpingo, amene ndimakhala pa bwalo loweruza milandu ya ena, ndinagunda mlongo wanga wa bere limodzi.

Kawerengeni Yakobo mutu 3 usiku uno. Mtumwiyo akuyerekeza lilime ndi kachitsulo ka m'kamwa mwa kavalo, ndi tsigiro la ngalawa, ndiponso ndi kamoto kamene kamatentha nkhalango. Ziwiri zoyambazo ndi zida zowongolera chinthu champhamvu, chachitatucho ndi chimene chimachitika chowongolera chikasowa. Mukawerengenso Agalatiya 5, ndime 22 ndi 23, muone kuti chiletso chili pa mndandanda umodzi ndi chikondi ndi chimwemwe, monga chipatso cha Mzimu. Timapempha Mulungu kawirikawiri kuti atiwonjezere: ntchito, malonda, udindo, galimoto, mwayi wopita kunja. Zimenezi si zoipa, monganso injini si tchimo. Koma ndi kangati pamene tinagwada n'kupempha kuti atipatse mphamvu yoima? Udindo umafulumizitsa munthu. Ndalama zimafulumizitsa munthu. Ngakhale luso la kulalikira limafulumizitsa munthu, ndipo wolalikira akagwa sagwa yekha, amagwa ndi onse amene anawakweza pakaliyala.

Achinyamata a mumpingo, sindikukuletsani kukonda makina. Anyamata atatu aja anandisangalatsa ndi nzeru zawo, ndipo dziko lathu likusowa manja otere. Pempho langa ndi lakuti mufunse za mabuleki tsiku lomwelo limene mukufunsa za liwiro, pa njinga ndi pa moyo womwe.

Mdzukulu wanga sindinamupatse ndalama ya injini. Ndinagula timphira tatsopano, mmisiri anamuonetsa kamangidwe kake, ndipo anamanga yekha. Njinga ndamubwereka kuti ayambe kabaza wopalasa n'kumasunga gawo la zimene apeze. Tagwirizana kuti akaonetsa kukhulupirika, banja lidzamuthandiza kupeza njinga yamoto yeniyeni, yopangidwira liwiro lake, pamodzi ndi laisensi ndi zipewa ziwiri. Sanakondwere kwenikweni, koma Lolemba analawirira.

Ine Lamulungu titaweruka ndinakwera minibasi kupita kwa achemwali anga. Ndinapepesa opanda kudzikometsera. Anandilandira, anandiphikira tiyi, koma mawu awo anali ochepa, ndipo sindikuwadandaula. Bala limene ndinalitema pagulu silingapole tsiku limodzi. Popeza ndinawanyoza pamaso panu, ndikupepesanso pamaso panu. Achemwali, ndinalakwa. Ana ndi adzukulu amene munawerenga mawu aja, musatengere chitsanzo chimenecho kwa ine.

Mundipempherere, mupempherere mwana wodwalayo, ndiponso mnyamata amene wayamba kunyamula miyoyo ya anthu pamsewu. Ambuye akusungeni nonse sabata imeneyi. Amen.