Mlendo amene ndinachoka naye ku Mwanza

Amene anayendapo ku Mwanza m'mwezi wa Meyi akudziwa mmene kumakhalira. Ukakhota pa Zalewa, n'kusiya msewu wa ku Lilongwe, umakwera zitunda mpaka kuyamba kuona milu ya manachesi m'mbali mwa msewu. Pa boma, pafupi ndi chipata cholowera ku Mozambique, fungo la makoko ake limakulandira usanatsike m'galimoto.

Ine ndinapitako kukaona azakhali anga cha ku Thambani. Tsiku lobwerera, tikuthyola manachesi oti ndinyamule, ndinaona kanthu kotuwa pa kanthambi, kosafika ndi theka la chala. Kumchira kanali katamatirira ku nthambiyo, pakati katamangidwa ndi kaulusi kamodzi ngati lamba.

"Chikwa chimenecho, phwanya," anatero azakhali. "Mbozi zake zinandithera mbande chaka chatha."

Sankanama. Mboziyo ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, choncho mbalame zimangoidutsa. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo ukaigwira imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha. Mtengo waukulu sumva kanthu, koma mbande ya nachesi kapena ndimu imatsala ndodo yokha. Komabe dzanja langa linakana. Ndinadula kanthambiko n'kukaika m'katoni yomwe ndinaiboola timabowo.

M'minibasi, kondakitala anafuna kuponya katoniyo kumbuyo kwa matumba a makala. Ndinakana, n'kuifungatira pamiyendo ulendo wonse mpaka mu Blantyre. Mayi wina amene tinakhala limodzi anafunsa ngati munali anapiye. Nditawauza kuti muli gulugufe amene sanabadwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anasendera cha kuzenera.

Ntchito yeniyeni inayambira kunyumba, ku Chilomoni. Chikwa sichidya, sichimwa, koma adani ake ndi ambiri. Usiku woyamba ndinapeza nyerere zitandanda kale m'mbali mwa katoni. Ndinaimika kanthambiko m'botolo, botololo n'kulikhazika m'mbale ya madzi kuti nyerere zisawoloke. Ndinasankha malo a mthunzi pakhonde, ndi kusiya danga lokwanira kuti mapiko adzatambasuke bwino.

Mdani wachiwiri anali mwana wanga wa zaka 7. Patatha sabata osaona kusintha, anabwera ndi lezala kuti "amuthandize kutuluka". Ndinachita kumuuza kuti akang'amba apezamo zamadzimadzi zokha, chifukwa thupi la mbozi limayamba lasungunuka kuti lipange lina. Kunena zoona, nanenso ndinkakayika ngati mabampu a mumsewu sanachiphe.

Pa tsiku la 16 chikwacho chinada, madontho achikasu n'kumaonekera mkati. M'mawa mwake tinapeza gulugufe akulendewera pa kanthambi, mapiko ali makwinyamakwinya ngati nsalu yongofinya kumene. Tinakhala phee pafupifupi maola awiri, phala n'kuzizira. Pang'ono ndi pang'ono mapiko anawongoka: akuda, a madontho achikasu, kumunsi kuli timaso tofiira ndi tabuluu.

Dzuwa litafika pakhonde anauluka, n'kudumpha mpanda kulunjika kwa aneba, omwe ali ndi mtengo wa mandimu ndi mbande zingapo m'machubu. Iwowo sindinawauze kanthu mpaka lero.

Madzulo ndinaimbira foni azakhali kuwafotokozera zonse. Anaseka kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Bola wabadwira kwanuko. Ukadzabweranso udzatenge ena, alipo ambiri."